Asiyeni madala a skateboard apukwe Animal Chin

Kuyambira pamene masewera a skateboard, oyenda pa thabwa la mawilo, analowa m'mpikisano wa Olympics ku Tokyo mu 2021, mkangano wa pakati pa osewera akale ndi ana a masiku ano sukuzirala. Umabuka nthawi iliyonse kampani ya Powell-Peralta ikatulutsanso matabwa okhala ndi zojambula za m'zaka za m'ma 1980, kapena wina akaponya pa YouTube kachidutswa ka filimu ya mu 1987 yotchedwa The Search for Animal Chin. Azibambo a imvi amayamba kufotokoza mmene ankaonera kasetiyo mpaka tepi kutha mphamvu, ndipo achinyamata amawayankha mwachipongwe kuti tsabola wakale sawawa. Amati zimene ankachita anthu a m'filimuyo lero akuzichita ndi ana a ku pulayimale, ndipo chimene madalawo akulira si filimu ayi, koma mawondo awo amene anasiya kupindika. Ine ndaima ndi madala. Kupukwa kwawo kuli ndi maziko, chifukwa filimuyi inasunga chinthu chimene mendulo ndi timavidiyo ta pa foni sizisunga: mmene masewerawa ankakhalira pa nthawi imene analibe mabwalo, analibe aphunzitsi, ndipo anthu ambiri ankawaona ngati chibwana chimene chinatha kale fasho.

Kwa amene sanaionepo, nkhani yake ndi yaifupi. Anaijambula ndi Stacy Peralta, yemwe naye anali katswiri wa skateboard m'gulu la Z-Boys m'zaka za m'ma 1970, ndipo mu 1978 anayambitsa kampani pamodzi ndi George Powell. Kampaniyo inali ndi timu yotchedwa Bones Brigade, ndipo asanu mwa anyamata ake ndiwo ali patsogolo m'filimuyi: Tony Hawk, Steve Caballero, Lance Mountain, Mike McGill ndi Tommy Guerrero. M'nthano yake, anyamatawa amamva kuti nkhalamba ina yopeka, Animal Chin, imene amaitenga ngati gogo wa masewerawa, yasowa chifukwa chonyansidwa ndi amalonda adyera. Ndiye amanyamuka kukaisaka. Amafika ku Hawaii, m'ngalande ya simenti yotchedwa Wallows, amadutsa m'misewu yotsetsereka ya San Francisco, amasewera m'dziwe losambiramo lopanda madzi la pa Pink Motel, mpaka amakapeza ramp yaikulu, chimpanda cha matabwa chopindika ngati chilembo cha U, itaima yokha patchire. Nkhalambayo saipeza. Amene amapeza ndi anzawo osewera nawo ndi malo atsopano, ndipo filimu imatha ndi mfundo yakuti kusakako ndiko kunali kokoma.

Chotsutsa choyamba, chimene chimamvekanso kwambiri, ndi chakuti filimuyi ndi yosalongosoka. Pamenepa sindikangana ndi munthu. Anyamatawo sanali ochita zisudzo, mawu amawalankhula ngati ana oloweza ndakatulo ya pa tsiku lotsekera sukulu, ndipo pali chigawo cha woimba wina wotchedwa Johnny Rad chimene munthu umachionera utagwira kumaso. Koma funso loyenera ndi lakuti: anthu amakaifunanji filimuyi? Pa nthawi yomweyo Hollywood inayesa kupanga mafilimu a skateboard olongosoka. Thrashin' ya mu 1986, momwe munali Josh Brolin, ndi nkhani ya magulu awiri odana ndi chibwenzi cha pakati pawo. Gleaming the Cube ya mu 1989, momwe munali Christian Slater, ndi ya mnyamata wofufuza imfa ya m'bale wake. M'mafilimu awiriwa skateboard ndi chokometsera chabe. Kamera imakhala pankhope ya wochita zisudzo, ndipo pakafunika kuuluka amalowetsa katswiri weniweni, ngati McGill, kuti aonetsedwe kwa masekondi ochepa nkhope yake itabisika. M'filimu ya Peralta zinthu zinatembenuka: nthano ndiyo inali chokometsera, ndipo kamera inali m'manja mwa munthu wodziwa pamene phazi liyenera kuponda. Taonani chigawo cha ku Wallows. Anyamata akutsika ngalande motsatana, wina akukwera khoma lakumanja, wotsatira akupita lakumanzere, mawilo akulira pa simenti yokhakhala, ndipo kamera sikudula pakati, ikumusiya munthu ayambe ndi kumaliza. Woonera amene ali ndi thabwa lake amaphunzirapo popindira mawondo ndi poyang'ana. Choncho kunena kuti zisudzo zake ndi zofooka ndi zoona, koma ndi kuyeza chinthu ndi muyeso umene eni ake sanaugwiritsepo ntchito.

Chotsutsa chachiwiri ndi cha luso, ndipo manambala ali kumbali ya achinyamata. McGill anatchuka mu 1984 ku Sweden ndi sitayilo ya McTwist, yozungulira m'malere kamodzi ndi theka. Hawk anadikira mpaka 1999, pa mpikisano wa X Games ku San Francisco, kuti azungulire kawiri ndi theka, sitayilo imene imatchedwa 900, ndipo dziko lonse linaimirira. Mu 2020 Gui Khury wa ku Brazil anazungulira katatu pa ramp yamtundu womwewo ali ndi zaka 11. Mu 2024 Arisa Trew wa ku Australia anachita 900 ija, ndipo chaka chomwecho anapata mendulo ya golide ku Paris ali ndi zaka 14. Ndiye wina akafunsa kuti tionerenji anthu ochita zochepa, funso lake si lopusa. Yankho losavuta n'lakuti ana amenewa akuponda pa maziko amene anamanga ndi anthu a m'filimuyo, ndipo n'zoona: sitayilo ina mpaka lero imatchedwa Caballerial, dzina lochokera kwa Caballero, ndipo kudumphitsa thabwa pamalo athyathyathya, kumene masewera onse a mumsewu amadalira, anakutsegulira njira ndi Rodney Mullen, yemwenso anali wa Bones Brigade. Koma yankho limeneli silindikwanira, chifukwa likusandutsa filimu kukhala buku la mbiri yakale, ndipo palibe amene amalengeza misozi chifukwa cha buku la mbiri yakale.

Yankho lenileni lili pa kusiyana kwa zimene maso akuona. Ku Olympics wosewera amapatsidwa masekondi 45, amalowa yekha, oweruza amalemba mapointi, iye n'kutuluka. Pa ramp ya Chin anthu akulowa awiriawiri, ena akudutsana m'malere, ena akukuwa ali pamwamba kudikira nthawi yawo. Pali chithunzi chotchuka chimene anajambula J. Grant Brittain pamalopo: Hawk, McGill, Caballero ndi Mountain onse anayi ali chadodolido nthawi imodzi, aliyense dzanja limodzi pamphepete mwa ramp, linalo litagwira thabwa, miyendo ili kumwamba. Payekhapayekha sitayilo imeneyo si yovuta kwa katswiri wa lero. Chovuta ndi kuti anthu anayi afike pamalo amodzi pa sekondi imodzi osagundana, ndipo zimenezo zimatheka pokhapokha ngati mwasewera limodzi zaka zambiri mpaka mumadziwana kapumidwe. Palibe woweruza amene ali ndi mapointi a chinthu chotere. Choncho wachinyamata akamati luso lapita patsogolo akunena zoona, ndipo mdala akamati pali china chimene sachionanso pa TV, nayenso akunena zoona, kungoti awiriwa akuloza zinthu zosiyana.

Chotsutsa chachitatu ndi chimene chimandivuta kwambiri, ndipo ndichedwapo pang'ono. Amati filimuyi inali yotsatsa malonda basi. Powell-Peralta inkagulitsa matabwa, mawilo ndi malaya, ndipo mwana aliyense woonera kasetiyo ankatuluka akudziwa thabwa loti akavutitse nalo makolo. Choseketsa n'chakuti nthano yake ikunyoza amalonda adyera, pamene woijambula ndi mwini kampani. Ndipo lero kampani yomweyo ikugulitsanso matabwa akalewo kwa ana aja, amene tsopano ali ndi malipiro, ndipo ambiri sawakwera n'komwe, amangowapachika pakhoma. Kodi kupukwa kotere si nyambo imene wamalonda anatchera mu 1987 n'kudzawonjola patapita zaka makumi atatu? Ndikuvomereza kuti m'menemo muli choonadi, ndipo munthu wogula thabwa lachisanu loti azingoliyang'ana asamanamizire kuti akuteteza chikhalidwe. Komabe tiyenera kukumbukira mmene zinthu zinalili. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ku America kunamangidwa mabwalo ambiri a skateboard, koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ambiri anali atatsekedwa, makamaka chifukwa ndalama za inshuwalansi zinakwera ndipo makasitomala anachepa. Del Mar Skate Ranch, bwalo limene Hawk anakulirapo, linatsekedwa mu 1987, chaka chomwe filimuyi inatuluka. Masewerawa anathawira kuseri kwa nyumba za anthu, kumene achinyamata ankakhoma okha ma ramp ndi matabwa otolera. Pa TV sankaoneka. Panalibe boma, sukulu kapena bungwe limene linali ndi chidwi chojambula zimenezi. Amene anali ndi chifukwa chogulira kamera ndi wogulitsa matabwa yekha.

Chifukwa cha ichi, kunena kuti filimuyi ndi yamalonda sikuithetsa mphamvu, kukungofotokoza amene analipira. Chofunika ndi kuona chimene wamalondayo anasankha kuonetsa. Akanatha kuonetsa zikho ndi anthu oimirira pa nsanja ya opambana, poti anyamata ake ankapambanadi mipikisano. M'malo mwake anaonetsa anthu akugwa n'kuseka, akugona mothithikana m'chipinda chimodzi, akusewera m'dziwe louma. Uthenga wopita kwa mwana wokhala m'tauni yopanda bwalo unali wakuti ngalande ya kuseri kwa sitolo ndi bwalo lako, ndipo anzako awiri aja ndi timu yako. Uthenga umenewu unagulitsa matabwa, inde, komanso unali woona, ndipo unagwira ntchito ngakhale kwa amene anagula thabwa la kampani ina. Umboni wake ndi wakuti njira ya vidiyo imene Peralta anaiyambitsa ndi The Bones Brigade Video Show mu 1984 ndi Future Primitive mu 1985 inadzamutembenukira yekha. Makampani ang'onoang'ono monga H-Street anatenga makamera otchipa n'kuyamba kujambula ana a mumsewu, ndipo pofika 1991, pamene Spike Jonze anatulutsa Video Days ya kampani ya Blind, anyamata a Bones Brigade ankaoneka ngati achikale. Ma ramp aatali anatha fasho, timu inabalalika, ndipo Hawk anakayambitsa kampani yake ya Birdhouse mu 1992. Wotsatsa malonda wamba saphunzitsa opikisana naye mmene angamugwetsere.

Kuchoka apa timafika pa mfundo ija ya mawondo, yakuti madala akulira unyamata wawo, filimuyi yangokhala pothawira. Mbali ina n'zoona, ndipo sindikuona cholakwika. Koma mfundoyi imaphonya mmene kuonera kunkachitikira. Amene anakula ndi mavidiyo sho a m'matauni mwathu muno akudziwa chimene ndikunena: kaseti imodzi ya karate, mabenchi odzaza, jenereta ikulira kunja, ndipo filimu ikatha bwalo lonse ladzaza ana oponya mateche m'malere. Kwa osewera skateboard a nthawi imeneyo zinali choncho, kungoti iwo ankaonera ngati ophunzira. Kaseti inali imodzi pagulu lonse. Inkayenda nyumba ndi nyumba, wina n'kuikopera pa kaseti ina mpaka zithunzi kuchita mizeremizere. Pofuna kumvetsa sitayilo, ankaimitsa deki, kubweza tepi, kuimitsanso, onse atasunzumira pa sikirini kukangana kuti phazi lakumbuyo lili pati. Akatero ankatuluka kukayesa, kugwa, kubwerera kudzaonanso. Vidiyo yatsopano ya kampaniyo inkatuluka mwina kamodzi pachaka, choncho ola limodzi limenelo linkayenera kuwakwanira miyezi yonseyo. Lero mwana amaona masitayilo ambiri pa Instagram asanadzuke pabedi kuposa onse a m'filimu ija, ndipo zimenezo zamupangitsa kuphunzira msanga. Koma amaonera yekha, ndipo mawa saakumbukira. N'chifukwa chake osewera a zaka za m'ma 50 ochokera ku California, ku London ndi ku São Paulo akakumana amatha kutchula chigawo chimodzi onse n'kuseka, chonsecho sanakulire limodzi. Chimene akupukwa si unyamata wa munthu mmodzi, ndi nthawi imene gulu lonse linkamwa pachitsime chimodzi. Kodi ana a lero akadzafika zaka 50 adzakhala ndi chiyani chofanana chokumbukira? Mwina gemu ya pa kompyuta, monga mmene ena amakumbukirira Tony Hawk's Pro Skater ya mu 1999, koma sindikhulupirira kuti adzakhala kavidiyo ka masekondi khumi.

Palinso chodandaula china chimene okonda filimuyi sakonda kuchimva, ndipo apa achinyamata ali ndi mfundo yolimba. Mwa asanu aja mulibe mtsikana, chonsecho atsikana analipo m'masewerawa kuyambira kale: Patti McGee anali pachikuto cha magazini ya Life mu 1965, ndipo Peggy Oki anali m'gulu la Z-Boys limodzi ndi Peralta yemweyo. Nayenso Chin, nkhalamba yanzeru zobisika ya ku Asia imene anaipatsa dzina lina loseketsa la Won Ton, ndi chithunzi chimene lero anthu ambiri sangachiseke. Izi siziyenera kubisidwa, ndipo mdala amene amakwiya zikatchulidwa akuwononga mlandu wake womwe. Koma kuona chilema cha chinthu n'kosiyana ndi kuchitaya. Mtsikana wa zaka 13 ngati Momiji Nishiya, amene anapambana golide ku Tokyo, kapena Rayssa Leal wa ku Brazil amene anamutsatira ali ndi zaka zomwezo, akaonera filimuyi adzaona bwino kutalika kwa mtunda umene masewerawa ayenda, ndipo zimenezo sangazione ngati kasetiyo yaponyedwa kudzala.

Pokhapokha pamene ndimasiyana ndi madala anzanga ndi pamene asandutsa kupukwa kukhala chikwapu. Alipo amene amati skateboard yeniyeni inafa mu 1989, ndipo ana a ku Olympics ndi ochita masewera olimbitsa thupi chabe ovala mayunifolomu. Amenewa sanaimvetse filimu imene amati amaikonda. Eni ake sachita zimenezo. Ramp ya Chin inaphwasulidwa atangomaliza kujambula, koma mu 2016 anaimanganso ku Woodward West ku California, malo amene ana amapita kukaphunzira masewerawa, ndipo anayi a pa chithunzi chija, atatu mwa iwo obadwa mu 1964, anabwerera kukaimanso chadodolido. Sanaimange kuti ikhale chipilala chotchingidwa ndi chingwe, anaimanga kuti anthu akwerepo. Ndipo ku Paris mu 2024 Andy Macdonald anaimira Britain ali ndi zaka 51, pamene Dallas Oberholzer wa ku South Africa anali ndi zaka 49, onse akupikisana ndi ana oti akanatha kuwabereka. Mendulo sanapate, koma palibe amene anawaona akunyogodola anawo.

Chomaliza chimene otsutsa amaiwala n'chakuti dziko la 1987 silinathe kulikonse. Linatha ku California, kumene tsopano makhonsolo amamanga mabwalo a simenti aulere. Koma ku Kitintale, mumzinda wa Kampala, achinyamata anachita kudzimangira okha bwalo ndi njerwa ndi simenti pakati pa zaka za m'ma 2000, popanda kudikira boma, ndipo m'mizinda yambiri ya kuno ku Africa wosewera skateboard akadali munthu wosaka malo: poimika magalimoto pa sitolo Lamulungu masana, msewu watsopano umene sunatsegulidwe, khonde la sukulu pa holide mlonda akatembenuka. Thabwa limakhala limodzi anthu asanu, ndipo likathyoka masewera aima mpaka wina wochokera ku Johannesburg abweretse lina. Kwa mwana wotereyu mpikisano wa Olympics ndi wokongola koma uli kutali, chifukwa bwalo ngati limenelo sanalipondepo. Anyamata asanu otsika ngalande ya madzi a mvula akumuonetsa chinthu chimene angakachite Loweruka likudzali, ndipo ngalande zoterozo m'tauni mwake zilimo.